Tiwauze mayi za maliro kapena tidikire kaye?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili kuno ku Chitakale, Mulanje.

Mayi anga a zaka 58 anawapanga opaleshoni ya mtima ku India mwezi wathawu, kuwasintha valavu. Zinayenda bwino, koma tsiku lachiwiri BP inatsika, n'kuyamba kubanika. Powaunika anapeza kuti mitsempha sinatsekeke, koma mbali ya kumanzere ya mtima, yomwe imapopa magazi kupita m'thupi lonse, yafooka n'kufufuma kunsi. Dokotala anati ndi takotsubo. Anatijambulira papepala kamtsuko ka khosi lopapatiza komwe asodzi a ku Japan amakolera octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, akuti mtima umaoneka ngati kamtsukoko, ndipo ku Japanko ndiko anayamba kuwafotokoza matendawa mu 1990. Thupi likadzidzimuka kwambiri, kaya ndi opaleshoni kaya ndi uthenga woipa, adrenaline amachuluka mpaka kuufoola mtima, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba.

Pano ali kunyumba, ayamba kuyenda okha kukafika pamtengo wa mapeyala. Ndiye dzulo atsibweni anga amwalira ku Thekerani, achimwene awo enieni, omwe anawaperekeza mpaka pa Chileka. Maliro ndi mawa. Mayi aang'ono akuti tisawauze. Foni tawalanda ponamizira kuti batire lafa, koma m'mawa muno andifunsa kale kuti, "Achimwene aja sanaimbe?" Ine ndinangothawira kukhitchini. Nditani?

Mayankho

Pepani ndi zovutazi. Ndine namwino. Mwa anthu ambiri mtima umabwerera mwakale pakatha milungu ingapo, koma matendawa amatha kubweranso, ngakhale si kawirikawiri. Imbirani dokotala wawo lero, musanawauze. Akawapange echo, kuunika mtima ndi makina, kuti mudziwe pomwe mtima wafika. Mankhwala asadumphitse, makamaka warfarin, woletsa magazi kuundana, ngati anawapatsa. Akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Achemwali, m'mudzi mulibe chinsinsi. Wina abwera kudzawapepesa atakhala pakhonde, ndiye kudzidzimuka kwenikweniko. Bola awauze ndi munthu wamkulu, atakhala pansi, galimoto ili pafupi.

Kuwauza auzidwe, koma ku Thekerani asapite. Mitunda ija, kuchezera pamaliro ndi chiperoni chino, ayi ndithu.

Zikomo nonse. Ndaimbira adokotala, akuti tibwere nawo ku Blantyre mawa m'mawa. Abusa avomera kutiperekeza. Chatsala n'kugwirizana ndi mayi aang'ono, pakuti mpaka pano akukanitsitsa.