Zokonzanso ma hostel a Matapi ku Mbare: tilowe mu komiti kapena tingoonera?

Mdzukulu_wa_Dedza

Abale moni nonse. Ndikulemba ndili ku Mbare, Harare, ine ndinabadwira konkuno koma agogo aamuna anachokera ku Dedza nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland kudzagwira ntchito ku Salisbury, dzina lakale la Harare. Nkhani ndi iyi. Kwabwera bungwe lina pa buloko yathu ku Matapi akuti akufuna kukonzanso malowa ndipo ife okhalamo tipange nawo pulani, tisankhe komiti, tizikhala nawo pa miting'i. Amene simunafikeko, ma hostel awa, Matapi, Nenyere, Shawasha, Matererini, anamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito m'tauni, akazi ndi ana samaloledwa. Pano chipinda chimodzi mumapezeka mabanja awiri atagawana ndi katani kapena wodulopu, toileti ndi bafa ndi za floor yonse, mapaipi a suweji anaphulika kalekale madzi ake amangotsika m'masitepe mpaka panja pomwe ana amasewera mpira. Mayi anga akuti ndisataye nthawi, zoterezi anazimvapo kambirimbiri. Nde funso langa, alipo amene anaonapo malo ngati awa atakonzedwa koma eni ake osathamangitsidwa? Tikalowa mu komitiyo tiyambe kufunsa chani?

Nachisale_Mtandire

Mwana wanga lowani, osaonera patali. Koma musanakambe za penti, mazenera kapena chithunzi chokongola chomwe akuonetseni pa pepala, dziwerengeni kaye nokha. Khomo ndi khomo, kope m'manja, mulembe amene amagona m'chipinda chilichonse, anabwera liti, ana angati, amadya ndi ntchito yanji, ndipo dzina lomwe lili pa khadi la lendi ku khonsolo ndi la ndani. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse chifukwa mupeza kuti dzina la ku khonsolo ndi la agogo amene anamwalira kale, kapena la munthu amene anasamukira ku Chitungwiza amangobwera pakutha pa mwezi kudzatolera ndalama, pomwe amene amakolopa suweji m'mawa uliwonse sapezeka paliponse. Tsiku logawa nyumba zatsopano adzatsegula buku lawo osati lanu, pokhapokha lanulo mutalipanga msanga ndipo iwo atasainira kuti alivomereza.

Kuno ku Lilongwe Federation ya osowa pokhala inayamba ndi amayi a ku Mtandire kusonkha timakobidi tsiku ndi tsiku, bungwe loona za nyumba za anthu osauka la CCODE nkumathandiza. Khonsolo inadzapereka mapuloti 222 ku Area 49 ndipo anthu anaumba okha zidina, ngongole ikuchokera ku thumba lawo la Mchenga. Chimene chinawatsegulira khomo si kulira ayi, anapita ndi mabuku a ndalama zosunga ndi mndandanda wa mayina. Kwanuko aliponso, Zimbabwe Homeless People's Federation ndi Dialogue on Shelter, afufuzeni, ntchito yowerenga anthuyi amaidziwa bwino.

Achimwene_SE17

Mayi Nachisale anena zoona koma ine ndionjezere za kuno ku London kuti musaganize ngati zimavuta kwa osauka okha. Ku Elephant and Castle kunali Heygate Estate, nyumba za khonsolo ya Southwark zoposa 1,200, zomangidwa m'ma 1970. Ma miting'i analipo, anthu anafunsidwa maganizo, analonjezedwa kuti adzabwerera. Anagwetsa pakati pa 2011 ndi 2014, kampani ya Lendlease inamanga Elephant Park, ndi malo okongola ndithu mitengo mbwee, koma nyumba za lendi yotsika ngati ya khonsolo zomwe zinalowa m'malo mwake sizinafike ndi 100 zomwe. Anthu ambiri anamwazikana, ena amene anagula ma flat awo anapatsidwa ndalama zosakwana kugula ina pafupi nde anakathera kunja kwa London.

Nde funso loyamba pa miting'i yanu likhale lakuti pamene mukukonza ife tikagona kuti, ndipo zobwererazo mutilembere, dzina langa, nambala ya chipinda, lendi yake idzakhala zingati. Osavomera zonena pakamwa. Ndipo kanani zosamutsa buloko yonse nthawi imodzi, amange kaye ina pambali, anthu alowe, kenako agwire yakaleyo. Kuno kuyambira 2018 meya Sadiq Khan anaika lamulo lakuti pulojekiti yayikulu yogwetsa nyumba za khonsolo ikafuna ndalama za ofesi yake okhalamo aponye voti kaye. Si mankhwala a zonse koma mawu oti ayi akakhala m'manja mwanu anthu a mapulani aja amayankhula nanu mosiyana.

Bambo_Phiri_Highfield

Ine pang'ono ndisiyane nanu. Za London ndi za London, kuno palibe kampani ikuthamangira kumanga ma flat apamwamba pafupi ndi mtsinje wa Mukuvisi. Vuto lathu ndi lakuti ndalama ikangomveka fungo andale amafika kale. Mwaiwala za Bill & Melinda Gates Foundation? Cha m'ma 2010 anapereka madola 5 miliyoni kuti akonze malo osauka mu Harare, Mbare inali pa pulani, koma kunabuka mkangano wa chipani woti nyumbazo azigawa ndani, anyamata anasokoneza ntchito ndipo zinakathera ku Dzivarasekwa Extension. Anthu a ku Matapi anatsala ndi suweji yawo yomweyo. Nde mayi ako sakunama mwana iwe, ndipo amene anaona Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika yomwe ankati ndi yosaloledwa, mu 2005, pamene United Nations inati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito, akamva mawu oti kukonza mzinda mtima umagunda, usawaseke.

Ine ndagwira za mapaipi moyo wanga wonse ndipo ndikuuze, mabuloko ajawo makoma ake ambiri ngolimba, chomwe chinafa ndi madzi ndi suweji chifukwa paipi yopangira anthu ochepa ikunyamula khamu. Komiti yanu isayambe ndi maloto a zaka khumi. Ipemphe zinthu zoti mutha kuziona miyezi ingapo, asinthe mapaipi otsika m'makoma, matoileti aonjezere ndipo a amayi akhale ndi chitseko chotsekeka ndi getsi, mjigo kapena thanki ikhale kumtunda kutali ndi ngalande, zinyalala zizichotsedwa. Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, typhoid nayo yakhala ikubwerera ku Mbare komweko, izi sizidikira pulani yayikulu. Bungwe likakanika kukonza toileti imodzi usalikhulupirire pa za buloko yonse. Ndipo mu komitimo musaikemo tcheyamani wa chipani chilichonse, ikani amayi ogulitsa pa msika wa Mbare Musika amene amadziwa khomo lililonse.

Mdzukulu_wa_Dedza

Zikomo kwambiri makolo anga. Za dzina pa khadi zandigunda, chifukwa lathu likadali la agogo ndipo mayi chitupa chawo ndi chakale chija cholembedwa alien, sanakasinthe ngakhale malamulo a 2013 amati wobadwira kuno kholo lake lili la dziko la SADC ndi mzika. Pa floor yathu mabanja ngati ife ndi ambiri, a ku Malawi ndi a ku Mozambique, nde ndikuona kuti kalembera wathuyo tiikemo funso la zitupa kuti tikapite limodzi ku Registrar nkhani yogawa isanayambe. Bambo Phiri, Loweruka kuli miting'i ina, mungabwere mudzaone mapaipiwo ndi maso anu kuti tikamayankhula tikhale ndi mndandanda weniweni?

Bambo_Phiri_Highfield

Ndibwera, nditumizire nthawi ku inbox. Upeze tochi ndi munthu amene amasunga kiyi wa kudenga, thanki yakale ija ndikufuna ndiyambe kuona imeneyo.