Drain ikubwatabe, achibale akufuna loboti

CO (clinical officer) wa ku male ward, Salima: Akuluakulu thandizeni. Msodzi wa ku Senga Bay, wamtali, wowonda, wosuta fodya. Pneumothorax (mpweya wotuluka m'phapo n'kudzaza m'chifuwa, phapo n'kuphwa) kumanja, kachiwiri. Drain (chubu chotulutsira mpweyawo m'botolo la madzi) ili pa 5th intercostal, pakati pa nthiti, madzi akukwera ndi kutsika bwinobwino koma thovu silikutha, masiku 6 tsopano. Phapo silikufufuma pa X-ray. Ndiye mkulu wake wa ku Joni akungoimba, ati waona opaleshoni ya loboti pa YouTube, ndalama atumiza. Mutu wanga waima.

Madala a ku Nkhotakota: GeneXpert, yoyeza TB m'makhololo, mwapanga?

CO: Negative, madala.

Sisita wa ku HDU (wodi ya odwala kwambiri): Achimwene, yambani mwaona polumikizira ndi pabala. Kwathu wina anabwata sabata yathunthu, tonse thukuta, osadziwa kuti connector inali yong'aluka. Guardian muwauzenso za botolo. Ine ndinakumana ndi mayi atalisenza pamutu akupita ku X-ray, madzi akubwerera m'chifuwa.

Wa anaesthesia: Wa ku Joniyo mumuuze kuti loboti ya da Vinci sichita yokha opaleshoni, surgeon amakhala pa console n'kumayendetsa manja ake. Ku America anaivomereza mu 2000. Pa vuto ili imachita zomwezo za VATS (opaleshoni ya m'chifuwa ya kamera, yodzera m'timabowo ting'onoting'ono): kudula ma bleb (timatuza ta mpweya) kunsonga kwa phapo ndi stapler, kenako pleurodesis (kumata phapo ku khoma la chifuwa). Kwa mnyamata ngati uyu VATS imakwanira, ngakhale thoracotomy yaing'ono (kung'amba pachifuwa pang'ono). Air leak, kutuluka kwa mpweya m'phapoku, ikapitirira masiku 5 ndi nkhani ya ma surgeon, imbirani ku KCH, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe.

Madala: Negative imodzi musaikhulupirire. Asodzi amagona mothithikana m'misasa, TB ili thoo. Bwerezani makhololo, yezani HIV.

Intern: Nanga blood patch? 50 ml ya magazi ake omwe kudzera mu drain, kuti atseke potulukira mpweyapo?

Wa anaesthesia: Imathandiza ena, koma magazi akaundana mu chubu mwapanga tension, mpweya kusowa potulukira n'kupanikiza phapo ndi mtima. Empyema (mafinya m'chifuwa) nayonso ilipo. Usiku muli nokha musayerekeze.

Sisita: Ndipo mu ambulansi yopita ku KCH pasapezeke wopana drain yobwata! Anthu amakonda kutero poopa kuti botolo litayika pa mabampu. Nesi akhale kumbuyo ndi cannula yaikulu (singano yotulutsira mpweya pakachitika tension) m'thumba, osati kutsogolo ndi dalaivala.

Madala: Loboti kaya VATS, phapo lodyeka ndi TB stapler siligwira. Ndanena.

CO: Ndamva madala, tibwereza m'mawa. Mafuta a ambulansi ndiye sindikudziwa.

Intern: Mabotolo a drain a underwater seal mukuwapeza kuti anzathu? Kuno latsala limodzi, chivindikiro tamata ndi pulasitala.