Gulu la banja: za bambo aang'ono ku Gulupu

Thoko: Mwadzuka bwanji nonse. Bambo aang'ono awagoneka ku Queens usiku wathawu, dzino lija lafika poipa tsaya lonse latupa mpaka pansi pa chibwano, kukamwa sikukutseguka olo supuni siyikulowa

Azakhali a ku Bangwe: Mayo ine! Si ndinkanena ine kuti akazulitse, iwo kumangomwa panado ndi bufeni basi

Amalume a ku Machinjiri: Pepani ana inu. Adokotala akuti chani?

Thoko: Ajambula X-ray, atenga magazi ayezanso shuga. Akuti mafinya anayambira pa muzu wa dzino lakumapeto la m'munsi nkufalikira, ndiye mawa mmawa alowa ku fiyeta akawacheke mafinyawo atuluke, dzinolonso azuliretu

Azakhali a ku Bangwe: Kumucheka munthu kumaso chifukwa cha dzino? Bwanji osangowabaya jakisoni, ine ndibwere ndi kansalu ndiwathowe ndi madzi otentha chiphwa chokha chotupacho

Grace: Ayi azakhali chonde zothowazo zisiyeni kaye. Ife kuntchito timaziona izi. Tizilombo tambiri toyambitsa zimenezi ndi tija timakonda malo opanda okosijeni, timaswana mkati mwa mafinya ndi mnofu wakufa nchifukwa chake fungo lake limakhala loipa chonchija. Mankhwala amayenda ndi magazi koma m'thumba la mafinya magazi safikamo bwino, ndiye osatsegula chotupacho, dilipi payokha singamalize ntchito, komanso dzino likatsala gwero lake likadalipo zibwereranso. Mafinyawo atengako apite nawo ku labu akaone mtundu wa tizilombo

Grace: Choopsa kwambiri ndi kutupa kwa pansi pa lilime kuja amati Ludwig's angina, lilime limakankhidwira kumbuyo munthu nkubanika. Amene ali pabedipo akangoona kuti akupuma movutikira, malovu akukanika kumeza kapena mawu asintha aitane anesi pompopompo osati kudikira kuche

Thoko: Pa dilipi ayika ceftriaxone ndi metronidazole

Grace: Metronidazole ndi Flagyl yomwe ija, ndi imene imapha tizilombo tosafuna mpweyati. Ndipo amalume mumvetsetse, Flagyl ndi mowa sizigwirizana munthu amasanza mtima nkumathamanga, akatuluka asalawe mpaka amalize mankhwala padutsenso masiku awiri

Amalume a ku Machinjiri: Nanga ukuuziranji ine mwana iwe 😂

Azakhali a ku Bangwe: Chifukwa owaperekeza kumowako ndinu achimwene

Thoko: Tsono za gadiyani. Amayi aang'ono sanagone, miyendo yatupa, ine ndili kuntchito mpaka 5. Wodi ya abambo usiku pakufunika mwamuna

Mphatso: Lero ndigona ine, mawa amalume

Amalume a ku Machinjiri: Chabwino, bola wina andibwerekeko bulangete

Azakhali a ku Bangwe: Chakudya ndi ine, ndiphika phala la soya ndi nsinjiro ndikwera minibasi ya masana

Grace: Likhale lamadzimadzi loti angomeza, nsima ayi. Mphatso ufunse anesi nthawi yoleka kudya usikuno, ku fiyeta amalowa m'mimba muli mopanda kanthu

Chifundo wa ku Joni: Ndangoona pano. Nditumiza kangachepe pa Mukuru madzulo, Thoko ukatenge ndiwe

Thoko: Zikomo achimwene. Enafe aliyense K5,000 pa Mpamba kapena Airtel Money, nambala zanga zomwe zija, ndi ya thiransipoti, sopo ndi makala. Alamu a ku Chilomoni mwawerenga ndakuonani, galimoto ija tiifuna tsiku lotuluka

Alamu a ku Chilomoni: Ilipo mlamu, mungothirako mafuta