Zimbabwe ikhala bwanji katswiri wa rugby mu Africa pamene South Africa ilipo?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumatsatira zamasewero pano. Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo monga ambiri a ife, masewero amene ndimawadziwa bwino ndi mpira wa miyendo. Funso langa likukhudza rugby, imene m'mabuku athu a Chipwitikizi amailemba kuti râguebi.

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2025 ndinapita mu mzinda wa Tete kukazonda mlongo wanga, ndipo pamalo pamene ndinkadya madzulo a Loweruka panali madalaivala a mathiraki a ku Zimbabwe amene ankaimba ndi kuvina ngati kuli ukwati. Nditafunsa, anandiuza kuti timu ya dziko lawo yatenga chikho cha Africa cha rugby ndipo yadzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Posachedwapa ndinafotokoza nkhaniyi m'kalasi, ndipo mnyamata wina anandifunsa funso limene linandisowetsa chonena. Iye anati: ngati South Africa ndiye katswiri wa dziko lonse lapansi, ndipo South Africa ili mu Africa momwemu, zikutheka bwanji kuti katswiri wa Africa akhale Zimbabwe? Kodi Zimbabwe inagonjetsa South Africa? Ndikupempha odziwa kuti andifotokozere mmene mpikisanowu umayendera, ndiponso ngati chikhochi chili ndi ulemu wofanana ndi chikho cha Africa cha mpira wa miyendo, kumene Mambas, timu yathu ya dziko la Mozambique, amakapikisana.

Mkulu wopuma pantchito, Moatize

Aphunzitsi, mwana wanuyo ali ndi mutu wabwino, mumusamale. Ine ndinabadwira pa famu ina ku Zimbabwe, kumene makolo anga anakagwira ntchito kuchokera kuno kwathu, ndipo rugby ndinaionera ndili wamng'ono, ngakhale kuti masiku amenewo ife ana a antchito tinkaonerera tili kuseri kwa mpanda.

Yankho lalifupi ndi lakuti Zimbabwe sinasewere ndi South Africa, chifukwa timu yaikulu ya South Africa, imene imatchedwa Springboks, silowa nawo mu mpikisano wa Rugby Africa Cup. Iwo mpikisano wawo ndi The Rugby Championship, umene amasewera ndi New Zealand, Australia ndi Argentina. Mpikisano umenewo unayamba mu 1996 uli wa mayiko atatu, pansi pa dzina lakuti Tri Nations, ndipo Argentina inalowamo mu 2012. Chifukwa chake si kunyoza anansi ayi, koma kusiyana kwa mphamvu. Springboks anatenga chikho cha dziko lonse kanayi, mu 1995, 2007, 2019 ndi 2023, ndipo osewera awo onse amadya za rugby, pamene m'matimu ambiri a mu Africa muli anthu amene masana amakhala ku ntchito kapena ku sukulu, n'kumakonzekera masewero madzulo. Mu mpira wa miyendo timu yofooka imatha kutseka golo lake n'kugonja ndi chigoli chimodzi chokha. Mu rugby mulibe pobisala, pakuti anthu amagundana thupi ndi thupi kwa mphindi 80, ndipo wofooka akakumana ndi wamphamvu kwambiri, sagonja kokha ndi mapointi ochuluka, komanso akhoza kuvulala moopsa.

Tsono Rugby Africa Cup ndi mpikisano wa mayiko otsalawo. Bungwe limene limauyendetsa ndi Rugby Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1986 pansi pa dzina lina, ndipo chikhochi chinayamba kulimbiranidwa mu 2000. M'zaka zoyambirira South Africa inkatumizako matimu a achinyamata ndi a osewera osalipidwa, ndipo ngakhale amenewo ankapambana, koma pambuyo pake inaleka. Kuchokera pamenepo mwini bwalo anakhala Namibia. Morocco, Uganda ndi Kenya anachilawako chikhochi, Zimbabwe nayo inachitenga mu 2012, koma palibe dziko limene lachinyamula kambiri ngati Namibia.

Chimene chinavinitsa madalaivala aja ndi ichi: m'chaka chimene chasankhidwa kukhala cha chipulula, wopambana Rugby Africa Cup amapita molunjika ku chikho cha dziko lonse. South Africa sifunika kudzera njira imeneyi, popeza matimu amene achita bwino pa chikho chapitacho amakhala atapeza kale malo. Choncho khomo la Africa limakhala limodzi, ndipo kuyambira mu 1999 mpaka 2023, kasanu ndi kawiri motsatizana, amene ankalowera pa khomolo anali Namibia yekha. Zimbabwe inasewerako mu 1987 ndi mu 1991 basi. Muwerenge nokha zaka zimene anthu aja anadikira, pakuti chikho chimene akupitako ndi cha 2027 ku Australia.

Woyendetsa thiraki pa msewu wa Cuchamano

Zikomo bambo chifukwa cha mbiri imeneyi. Ine ndime yotsirizayo ndinaionera pa foni ya mnzanga wa ku Harare tikudikira mapepala a katundu pa chipata cha Cuchamano, pa malire a Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ndikufuna kuwonjezera za mmene zinayendera, chifukwa aphunzitsi akadziwa kawerengedwe ka mapointi adzamvetsa chifukwa chake anthu anatsala pang'ono kukomoka.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja, umaponyedwa kumbali kapena kumbuyo kokha, ndipo wofuna kupita nawo kutsogolo ayenera kuthamanga nawo kapena kuumenya ndi phazi. Wosewera akagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, chimene amati try, timu imapeza mapointi 5, kenako imapatsidwa mwayi womenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo iwiri ya golo, pamwamba pa mtanda, n'kuwonjezera mapointi 2. Penate ikamenyedwa bwino imabweretsa mapointi 3.

Mpikisano wa 2025 unachitikira ku Kampala, m'dziko la Uganda, ndipo munali mayiko asanu ndi atatu: Zimbabwe, Namibia, Kenya, Uganda, Algeria, Morocco, Senegal ndi Côte d'Ivoire. Ukangogonja kamodzi, za chikho waiwala. Zimbabwe inayamba ndi kuchotsa Morocco, kenako inapulumuka movutikira pamaso pa Kenya ndi mapointi 29 kwa 23. Ndime yotsiriza inaseweredwa pa 19 Julayi pa bwalo la Mandela ku Namboole. Popita kokapuma matimu anali ofanana, 16 kwa 16. Atabwerako Zimbabwe inagoletsa ma try awiri n'kufika pa 30, ndipo anzathu aja anayamba kale kuimba malipenga a mathiraki. Namibia, poti ndi nkhalakale, inabweza ma try awiri n'kufika pa 28. Kutatsala pang'ono kuti woyimbira amalize masewero, Namibia inapatsidwa penate patali ndithu ndi mitengo, ndipo mpirawo ukanalowa, mapointi 3 amenewo akanatembenuza zonse. Pa chipata ponse panangoti zii. Mpira unaphonya, ndipo masewero anatha 30 kwa 28.

Ndionjezerenso kuti sizinali zamwayi chabe, chifukwa chaka cha 2024, ku Uganda komweko, Zimbabwe inali itagonjetsa kale Namibia 32 kwa 10 mu ndime ya matimu anayi, n'kumaliza ndi kuswa Algeria 29 kwa 3. Mphunzitsi wa timuyi ndi Piet Benade, ndipo kaputeni amene ananyamula chikho zaka zonse ziwiri ndi Hilton Mudariki.

Wotsatira mpira wa ku Songo

Akuluakulu, mundikhululukire, koma ine ndikuona kuti funso lachiwiri la aphunzitsi mwalilambalala. Iwo anafunsa ngati chikhochi chili ndi ulemu wofanana ndi chikho cha Africa cha mpira wa miyendo, ndipo yankho loona ndi lakuti ayi. Mu mpira wa miyendo aliyense amalowa, Egypt, Senegal, Morocco, Nigeria, ndipo wotenga chikho amakhala atadutsa pakati pa akuluakulu onse. Kuno wamkulu wa onse kulibe. Kunena mosapsatira, dzina loyenera likanakhala lakuti chikho cha wachiwiri mu Africa.

Taonaninso zimene akatswiri amenewa amakakumana nazo akatuluka kunja. Namibia yapita ku chikho cha dziko lonse kasanu ndi kawiri, koma sinapambanepo masewero ngakhale amodzi. Mu 2003 inagonja kwa Australia ndi mapointi 142 kwa 0. Mwayi wake waukulu unali mu 2019 ku Japan, pamene inkayenera kukumana ndi Canada, koma masewerowo analephereka chifukwa cha namondwe. Zimbabwe nayo m'maulendo ake awiri aja sinapambane, ngakhale kuti mu 1987 inagonja kwa Romania ndi pointi imodzi yokha, 21 kwa 20.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti mpikisano wa 2022, umene unali wa chipulula cha chikho cha 2023, unakachitikira ku France, m'mizinda ya Marseille ndi Aix-en-Provence. Chikho cha Africa kukachilimbirana ku Ulaya! Mwana wa ku Nairobi kapena ku Windhoek akanachionera bwanji? Komanso osewera abwino kwambiri sakhalitsa kwawo. Tendai Mtawarira anabadwira ku Harare, koma anasewerera Springboks masewero 117 ndipo anatenga nawo chikho cha dziko lonse mu 2019. David Pocock anakulira ku Zimbabwe, koma dzina anakalipangira ku Australia. Munda umalimidwa ndi wina, zokolola n'kukalowa m'nkhokwe ya wina.

Mkulu wopuma pantchito, Moatize

Achimwene a ku Songo, zonse mwatchulazi ndi zoona, ndipo pa nkhani ya ku France ndili nanu limodzi, pakuti anthu ambiri a rugby mu Africa anadandaula nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ndinakondwa kuona mipikisano iwiri yotsatira ikuchitikira ku Kampala. Koma pa kulemera kwa chikho ndikusiyana nanu.

Inu mukuyeza chikhochi poona amene kulibe, pamene ine ndikuchiyeza poona chimene chimachitika kwa wochitaya. Namibia itagonja ku Namboole inapatsidwa njira ina yaitali: inagonjetsa United Arab Emirates, kenako inapita ku Dubai mu Novembala 2025 kukalimbirana malo otsiriza ndi Samoa, Belgium ndi Brazil, ndipo malowo anatenga ndi Samoa. Mapointi awiri aja ndi amene anachotsa dziko limene linali lisanaphonyepo chikho cha dziko lonse kuyambira 1999. Chikho chimene chimatha kuchita zimenezo sichingakhale chopepuka.

Za osewera othawira kunja, dziwani kuti msewu umenewo uli ndi mbali ziwiri. Timu ikakhala ndi chiyembekezo chopita ku chikho cha dziko lonse, ana ake obalalika amayamba kuyang'ana kwawo. Ian Prior, amene ankamenya mapenate a Zimbabwe ku Kampala, anabadwira ku Australia kwa makolo ochokera ku Zimbabwe ndipo anasewera zaka zambiri mu timu ya Western Force, koma anasankha kuvala malaya a Sables, timu ya dziko la Zimbabwe. Popanda mpikisano ngati umenewu, munthu wotere akanabwerera kudzasewera chiyani?

Ndikukumbutseninso za Portugal, popeza ambiri kuno timatsatira nkhani za kumeneko. Iwonso salowa mu Six Nations, mpikisano wa akuluakulu a ku Ulaya, mmene muli England, France, Ireland, Italy, Scotland ndi Wales. Amasewera mu mpikisano wachiwiri wa ku Ulaya, pamodzi ndi mayiko ngati Georgia, Romania ndi Spain. Komabe mu 2023 anagonjetsa Fiji 24 kwa 23, ndipo kumeneko kunali kupambana kwawo koyamba pa chikho cha dziko lonse. Sindikunena kuti Zimbabwe idzachita chimodzimodzi. Mu 2027 matimu adzakhala 24 m'malo mwa 20, ndipo Zimbabwe ili m'gulu limodzi ndi England, Wales ndi Tonga. Kwa England ndikuopa kuti adzatuluka ndi mabala, koma tsiku limene adzakumane ndi Tonga ine ndidzakhala pafupi ndi wailesi ya kanema.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Ndathokoza kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Moatize. Mnyamata uja ndikamuuza kuti pali mipikisano iwiri, kuti South Africa imasewera ndi anzake olingana nayo mphamvu, ndipo Rugby Africa Cup ndi khomo limene mayiko ena onse amalimbirana. Ndikamuwerengeranso mawu a achimwene a ku Songo, chifukwa ndikumudziwa, adzagwirizana nawo ndipo kalasi idzagawikana pawiri.

Ndaona kuti pa mayiko asanu ndi atatu aja dzina la Mozambique palibe, pamene Zimbabwe tayandikana nayo chonchi. Ndili ndi pempho kwa achimwene oyendetsa thiraki: ulendo wina mukadzafika ku Harare, mudzandifunsireko mtengo wa mpira umodzi wa rugby, wa msinkhu wa ana a sukulu. Bwalo lathu kuno ku Angónia limamera udzu wofewa mvula ikagwa, mosiyana ndi nthaka youma ya ku Tete, ndipo ndikufuna kuyamba ndi mtundu uja wongokhudzana m'malo mogwetsana pansi, kufikira nditapeza munthu wodziwa kuphunzitsa kagwetsedwe koyenera. Ndalama ndidzakutumizirani mukadzandiuza mtengo wake m'ma meticais.