A Ming anazisiyiranji zombo zawo?

Bambo a Tadala:
Abale, ndithandizeni. Dzulo usiku ndimathandiza mwana wanga kuwerenga za ufumu wa Ming wa ku China, uja unalamulira kuyambira 1368 mpaka 1644, ndiye tinafika pa Zheng He. Mkuluyu anatsogolera maulendo 7 apanyanja pakati pa 1405 ndi 1433, ndipo ulendo woyamba wokha unali ndi anthu oposa 27,000. Zombo zake zinakocheza ku Mogadishu ndi ku Malindi wa ku Kenya, osati wathu wa ku Mangochi. Mwanayo anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Nanga anasiyiranji?" Ndinangoti kukamwa yasa. Vasco da Gama anafika ku Malindi komweko mu 1498 ndi tizombo towerengeka, koma kusukulu tinaphunzira za iyeyo basi. Zikundiwawa ndithu.

Agogo aphunzitsi:
Bambo a Tadala, yankho lili kumpoto, osati kunyanja. Mwini wake wa maulendowa anali mfumu Yongle, yemwenso anasamutsa likulu kuchoka ku Nanjing kupita ku Beijing mu 1421. Atamwalira mu 1424, mwana wake anawaimitsa, ndipo mdzukulu wake anangolola umodzi wotsiriza. Mdani weniweni anali a Mongol, anthu a kumpoto kwa China. Mu 1449 iwo anagwira mfumu ya China ya nthawi imeneyo pankhondo ya ku Tumu n'kupita nayo kwawo. Nyumba ikamapsa suthamangira kukawedza. Chuma chinalowera kwa asilikali ndi kukhoma lalikulu lija lotchingira adani kumpoto kwa China.

NaPhiri wa ku Lilongwe:
Zoona agogo, koma musaiwale mkangano wa kunyumba yachifumu. Zheng He anali Msilamu wa ku Yunnan, chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa China, anagwidwa ali mnyamata n'kufulidwa, nakulira m'manja mwa Yongle asanakhale mfumu. Nduna zophunzira, zija zinkapeza udindo polemba mayeso a boma, sizinkawakonda anthu ofulidwawa ngakhale pang'ono, ndipo maulendowa zinkawaona ngati kumwaza chuma. Taganizani: kadyamsonga atafika ku China, anthu anati ndi qilin, chinyama cha m'nthano chosonyeza kuti mfumu ndi yabwino. Mfumu inasangalala, koma nduna yowerengera msonkho wa mpunga inkaona ndalama zikupita. Ine ndimaimvetsa ndunayo.

Bambo a Tadala:
Zikomo kwambiri nonse. Za ku Tumu sindinkazidziwa n'komwe. Madzulo ano ndimuonetsa Tadala pamapu kuyandikana kwa Beijing ndi khomalo, kenako tiyeze ndi chala mtunda wokafika ku Malindi.