Ngati Mulungu anasankhiratu anthu ake, achimwene anga analakwa chiyani?

Mlongo wa ku Linthipe:
Abale anga mwa Ambuye, ndithandizeni. Mwezi wathawu tinaika m'manda achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu. Ali mnyamata ankaimba besi mukwaya, koma atayamba geni ya matimati pamsewu, kachasu anawagwira. Ndakhala ndikuwapempherera zaka 11, kusala kudya Lachitatu lililonse. Pamaliro mpingo sunaimbe chifukwa anali atadulidwa kale, ndipo zimenezo ndinazilandira. Chikundisowetsa tulo ndi mawu a mkulu wina wa mpingo amene anandiuza pasiwa kuti, "Mwanawe, akanakhala wosankhidwa akanabwerera." Ndiye ngati Mulungu anasankha anthu ake dziko lisanalengedwe, monga akunenera Aefeso 1:4, achimwene analakwa chiyani? Nanga ine mawondo ndinkatupitsiranji? Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, ali gone m'chipatala, anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndiwaimbire nyimbo ya m'buku. Ndinaimba, iwo akungogwedeza milomo, mawu osatuluka. Kodi kunali kufuna kwawo, kapena ndi Mulungu ankawakoka?

Agogo a ku Nkhoma:
Pepani kwambiri mayi. Ine ndine wa CCAP, ndaphunzitsa kalasi zaka zambiri, ndipo chiphunzitso cha chisankho ndinakula nacho, poti mpingo wathu kuno unabzalidwa ndi amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889. Ndimachikhulupirira mpaka lero. Koma mkulu amene anakuyankhulaniyo anapitirira malire. Buku la moyo analiona liti iyeyo?

Chiphunzitsochi anachilongosola pamsonkhano wa ku Dort, ku Netherlands, mu 1618 ndi 1619, poyankha otsatira a Jacobus Arminius, amene ankati Mulungu amasankha anthu amene anawaoneratu kuti adzakhulupirira. Atsogoleri a msonkhanowo analemba kuti chisankho chiziphunzitsidwa mosamala, kuti chitonthoze anthu a Mulungu, popanda kusuzumira zobisika za Wam'mwambamwamba. Analembanso kuti chisomo sichigwira munthu ngati chitsa kapena mwala, sichimulanda kufuna kwake, koma chimachiritsa mtima kuti uyambe kufuna zabwino. Ndiye funso lanu lomalizalo ine ndiyankha kuti zonse ziwiri. Yohane 6:44 akuti palibe angadze kwa Yesu Atate asanamukoke. Munthu womangidwa ndi mowa zaka zonsezo, pabedi la imfa n'kupempha nyimbo ya Mulungu, wamukoka ndani? Wachifwamba uja pamtanda analibe khadi la Mgonero, koma anamva mawu akuti lero lomwe adzakhala m'Paradaiso.

Bambo wa Limana:
Achemwali, ine ndine Mkatolika, ndingoonjeza pa za mawondo anu. Augustine Woyera, amene a John Calvin omwe, mphunzitsi wamkulu wa chiphunzitso cha chisankho, ankamudalira kwambiri pa nkhani ya chisomo, anali mwana wosokonekera. Mayi ake, Monica, anamulirira ndi kumupempherera zaka zambiri mpaka anabatizidwa ku Milan mu 387. Ndi Augustineyu anadzatsutsa Pelagius, amene ankaphunzitsa kuti munthu angathe kumvera Mulungu ndi mphamvu zake, ndipo maganizo a Pelagius anakanidwa ku Carthage mu 418. Komabe Augustine yemweyo anati Mulungu amene anakulenga popanda iwe sadzakupulumutsa popanda iwe. Mapemphero anu aja sanagwe pansi. Mwina ndi amene anatsegula pakamwa pa achimwene anu tsiku lija.

Mnyamata wa ku Kawale:
Agogo, ndi ulemu wonse, pamodzi pokha ndisiyana nanu. Ine sindikhulupirira kuti pali anthu amene Mulungu anawadumpha. 1 Timoteo 2:4 akuti amafuna anthu onse apulumuke, ndipo pa Mateyu 23:37 Yesu akulirira Yerusalemu kuti anafuna kusonkhanitsa ana ake ngati thadzi lofungatira anapiye, koma iwo sanafune. Sanafune! John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, ankaphunzitsa kuti chisomo chimayamba kufika kwa aliyense, kenako munthu angathe kuchilandira kapena kuchikankha.

Ndikunena izi chifukwa nanenso ndinali chidakwa, malipiro ankathera pa bala tsiku lomwe ndalandira. Ndikudziwa kuti sindinadzimasule ndekha. Koma mpaka pano, mwezi ukatha ndalama zili m'thumba, ndimatsika minibasi siteji yapatsogolo kuti ndisadutse pakhomo pa bala paja, ndipo miyendo imene imazungulirayo ndi yanga. Tikamauza anthu kuti zonse zinalembedwa kale, anzanga amene akadali kumowa amangoti, "Basi, ikakwana nthawi Mulungu adzandisiyitsa." Awiri mwa iwo tinawaika kale.

Agogo a ku Nkhoma:
Mwana wanga, miyendo ndi yako ndithu. Koma werenganso Afilipi 2:12-13. Akuti gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa inu kuti mufune ndi kuchita. Anzako aja akunamizira chiphunzitso, palibe pamene chinawauza kuti akhale pansi.

Mlongo wa ku Linthipe:
Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira. Za nyimbo ija sindinauzepo aliyense, ngakhale alamu anga, poopa kuti anthu azinena kuti ndikuwayeretsa achimwene. Loweruka ndikupita kumudzi ndikawafotokozere, pamodzi ndi ana. Agogo, kodi mkulu uja ndikamuone ndekha, kapena ndidzere kwa abusa?