Turbo ya Canter ikutaya oyilo, kodi ndingaimasule ndekha pakhomo?

Wachimanga_Chawama:

Anzanga muli bwanji nonse. Ndili ndi Canter ya injini ya 4D34 ija ya turbo, ndimatenga chimanga ndi soya ku Katete ndi ku Petauke kubweretsa kuno ku Lusaka ku msika wa Soweto. Masiku ano ikutulutsa utsi wabuluu makamaka ikakhalitsa pa idle kenako nkuponda, komanso pa mapiri a Manenekela aja a pa msewu wa Great East mphamvu palibiretu, ndikumakwera ndi giya 2 pomwe kale 3 inkakwana ndi katundu yemweyo. Nditachotsa paipi yopita ku intercooler, choziziritsa mpweya wochokera mu turbo chija, ndapezamo oyilo, osati wambiri koma dzanja likuda. Makaniko wina wangoti turbo yatha gulani ina, mtengo wake atautchula mutu unandizungulira. Ndiye ndaona ma kiti okonzera m'mashopu a masipeya mtauni, muli mabushi, maring'i ndi tina ting'onoting'ono. Kodi munthu ungaimasule wekha nkuibwezera bwinobwino? Masipanala ndili nawo, mabuleki ndi klatchi ndimapanga ndekha koma turbo sindinaitsegulepo.

Mdala_wa_Matero:

Achimwene musathamangire kumasula. Ma turbo ambiri amene anthu amati atha chifukwa cha oyilo amakhala alibe mlandu, wolakwa ali pena. Mkati mwa turbo mulibe silo ya rabala ngati ya pa krankishafti ayi, muli timaring'i tachitsulo tonga ta pisitoni, kamodzi mbali ya ekizozi kena mbali ya mphepo, ndipo oyilo amalowa ndi presha pamwamba koma potuluka amangotsika yekha kudzera pa paipi yapansi kubwerera mu sampu. Paipi imeneyo ikatsekeka ndi kaboni kapena ikapindika, oyilo amasowa kolowera ndiye amadutsa pa maring'i paja. Chimodzimodzi ngati injini ikupuma kwambiri, ndikunena blow-by, presha ya mu sampu imakankha oyilo kubwerera m'mwamba, mutha kuika turbo yatsopano ya m'bokosi mawa lake utsi uli pomwepo.

China ndi air filter. Fumbi la nyengo ino m'madepoti a chimanga mukulidziwa, fyuluta ikatsekeka turbo imakoka mwamphamvu mpaka kuyamwa oyilo wake womwe. Ndiye yambani ndi zaulere. Tsegulani chotsekera oyilo injini ikulira muone ngati ikufuka ngati mbaula, onani fyuluta, chotsani paipi yapansi muyang'ane mkati. Mukatero, injini itazima ndi kuzizira, chotsani paipi yolowetsa mphepo mugwire nati ya shafti ndi zala. Kugwedera pang'ono m'mbali nkwabwinobwino chifukwa mabushi aja amayandama pa oyilo, bola mapiko asakhudze chikombole. Koma kukoka ndi kukankha, kutsogolo ndi kumbuyo, simukuyenera kumva kanthu, pamenepo mpata wake sufika bwino ndi 0.1 mm yomwe. Mukamva kuti khotyokhotyo ndiye kuti thrust bearing, yomwe imaletsa shafti kusewera kutsogolo ndi kumbuyo, yapita. Mubwere mutiuze.

Kabwata_Diesel:

Bamdala anena zoona pa zoyeza koma zomasula pakhomo ine sindigwirizana nazo. Kashafti kameneko kamazungulira kupitirira 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo kuno ku Lusaka tili pamwamba pafupifupi mamita 1,300, mpweya ndi wopepuka ndiye turbo imathamanga kwambiri kuti ipereke boost, ndikunena presha ya mpweya wolowa mu injini, yomweyo. Balansi ikangosokonekera pang'ono imayamba kulira ngati sayirini, mabushi atsopanowo nkudyeka mwezi usanathe. Gulani cartridge, pakati ponse pamabwera pomanga kale komanso pobalansidwa pa makina, inu mumangosamutsa zikombole ziwiri zija basi. Ndi yodulirapo kuposa kiti koma siyifika pa turbo yathunthu. Mutenge nambala ya pa kapuleti ka turbo yanu popita kushopu, musangoti ya Canter, ma Canter ali ndi injini zambirimbiri, ina ngati 4D33 ilibe ndi turbo yomwe.

Ndipo oyilo wa mu intercooler musamuderere. Dizilo ikayamba kumwa oyilo wake imathawa yokha, muzimitse kiyi siyizima, imangokwera mpaka kuphulika pokhapokha mutseke mphepo kapena muizimitse ndi giya yayikulu mutaponda buleki.

Wachimanga_Chawama:

Zikomo akuluakulu. Ndayeza lero m'mawa. Injini sikupuma kwenikweni, kautsi kochepa chabe. Fyuluta inali yoipa ndithu ndasintha. Paipi yapansi ili ndi kaboni koma siyinatsekeke yonse. Shafti ndiye ikusewera kutsogolo ndi kumbuyo, ndikuimva ndi zala, koma mapiko ndawaunika ndi tochi onse ali bwino sanakhule paliponse. Cartridge ndafunsa, ndalama yake panopa ndilibe mpaka anthu andilipire ma trip a mwezi watha. Bamdala ndiuzeni kamasulidwe kake.

Mdala_wa_Matero:

Ngati mapiko sanakhudze ndiye kiti itha kugwira, mwana wa ku Kabwata asakuopsezeni kwambiri, ngakhale pa balansi sakunama. Ma turbo akale awa opanda ma vane, timapiko toyenda towongolera utsi wa ekizozi, timawakonza, za VGT zokhala ndi ma vane za magalimoto atsopano ndiye ine sindikhudza.

Musanamasule kalikonse jambulani ndi foni mbali zonse, ndipo mulembe chizindikiro pamene chikombole cha mphepo ndi cha ekizozi zakumana ndi pakati, apo ayi pobwezera mupeza paipi ya oyilo yaloza kumbali. Mabawuti a mbali ya ekizozi athireni mafuta omasulira dzimbiri agone usiku wonse. Chikombole chimenecho chimakakamira, muzichimenya pang'onopang'ono mozungulira ndi hamala yofewa kuti chituluke chowongoka, chikapendama chimapinda mapiko ndiye mwagula cartridge musakufuna. Kandodo ka wastegate, kavavu kochepetsa boost, musakapotokole, kasiyeni utali womwewo.

Tsopano pofunika kwambiri ndi apa. Nati, wilo ya mapiko ya aluminiyamu ya mbali ya mphepo ndi nsonga ya shafti, lembani mzere umodzi wodutsa zonse zitatu musanamasule, ndi maka osati kukanda ndi chitsulo. Pobwezera mzerewo ukumane ndendende, ndiyo balansi yanu imeneyo. Nati yake pa ma turbo ambiri ndi ya left hand, imamasuka mbali yomwe zina zimamangira, yang'anitsitsani mazinga musanaike mphamvu, anthu athyola mashafti pamenepa. Ndipo musakoke sipanala mbali imodzi ngati mukumasula tayala, gwiritsani ya T kuti shafti isapindike. Wilo ikakana itenthetseni pang'ono ndi madzi otentha, aluminiyamu imafutukuka msanga, osaimenya.

Zonse muziyala pa nsalu yoyera motsatana mmene zatulukira, m'nyumba osati panja pa fumbi, amayi akunyumba muwapepese za tebulo. Tsukani ndi parafini, timabowo ta oyilo tonse tipemerereni. Wilo ya aluminiyamu musaipake waya burashi kapena sandipepa, mukachotsa chitsulo mwachotsa balansi. Shafti pomwe pamakhala mabushi ikakhala yabuluu kapena chikhadabo chikukodwa m'mizere, lekerani pomwepo, kiti siyithandiza. Onaninso mpata umene ring'i ya ku ekizozi imakhalamo, ukakula ring'i yatsopano idzatayabe. Pomanga chilichonse chinyowe ndi oyilo watsopano, nati muimange ndi torque wrench pa mlingo wa turbo imeneyo, bwerekani ngati mulibe. Mukamaliza izungulire ndi chala mosakodwa.

Kabwata_Diesel:

Chabwino bamdala mwapambana, koma awonjezere izi. Paipi yapamwamba yobweretsa oyilo asinthe kapena aitsuke mpaka iyere, ndi imene imapha ma turbo okonzedwa kumene. Silikoni pa magasiketi a oyilo ayi, kachidutswa kakalowa mkati katseka bowo. Oyilo ndi fyuluta yake zatsopano, intercooler aichotse aitsuke iume. Asanalize athire oyilo pa bowo la turbo azungulitse ndi dzanja, kenako isiyidwe pa idle mphindi zingapo asanaponde. Ikangoyamba kulira sayirini aimike, asapite nayo ku Katete.

Amai_a_Fuso:

Ine sindine makaniko koma ndili ndi magalimoto awiri pa Great East yomweyo. Achimwene mukakonza muonenso kazimitsidwe. Madalaivala akatsika pa mlatho wa Luangwa kukagula nsomba amangofika nkuzimitsa injini ili moto kuchokera m'mapiri, oyilo amapsera mkati mwa turbo nkusanduka kaboni mwampezayo. Anga ndinawauza mphindi ziwiri kapena zitatu pa idle asanachotse kiyi, nsomba sizithawa.

Wachimanga_Chawama:

Amai mwandigwira, pa Luangwa ndimaima ndithu. Nambala ya pa kapuleti ndaijambula, mawa ndilowa mtauni kukasaka kiti ndi paipi yapamwamba. Bamdala torque wrench yaing'ono muli nayo? Loweruka nditha kudutsa ku Matero.